Thandala la Mango ku Kasinje

Lole ya ku Lilongwe inaima pamsewu Lachiwiri.
Mnyamata wa kapusi anagunda ndowa yanga ndi phazi:
"Mazana asanu, mdala, ngati mukufuna."
Ndinayang'ana maboloma anga,
akuluakulu ngati mutu wa khanda,
ndinawasenzanso, ulendo wa kunyumba.

Kuno ku Kasinje mwezi wa Disembala
nkhumba zimachita kusankha.
Timaponda mango popita kumaliro,
timaterereka nawo pochokera kuchigayo,
usiku amagwa padenga, phu!
ngati wangongole wabwera ndi mwala.
Koma dikirani Febuluwale:
mtengo womwewo uli zii, masamba okhaokha,
mwana akuuyang'ana m'mwamba, chala mkamwa.

Ine ndine kalipentala.
Ndinakhoma thandala lofika m'chiuno
kuti mbuzi za a Chimkwita zizingonunkhiza.
Waya wa sefa wotsala pa mawindo a kusukulu
ndinamutsuka, ndinamukunga ngati ng'oma,
pamwamba nsalu yopyapyala, ntchentche zilire kunja.

Sigele, samba m'manja, tenga mpeni.
Bango lofewetsa idya, usaike.
Loboola mbozi ponyera nkhumba.
Tikufuna lakupsa koma lolimba mtima.
Senda, dula mopyapyala ngati khutu la mbuzi,
viika m'madzi a mandimu lisade nkhope,
yala motalikitsa, asagundane,
mango ali ngati apongozi, amafuna mpata.

A Chimkwita anadutsa akukankha njinga:
"A Nzunga, mwayamba mfutso wa mango?
Mawa mudzafutsa madzi a pamjigo!"
Ndinangoluma pensulo yanga ya kukhutu.

Tsiku lachiwiri mitambo inatsika kumtunda
ili bii, yosapempha njira.
Tinathamanga, malichero kumutu, Sigele nkugwa pakhomo.
Masiku atatu mvula osakata.
Mango anagona pabalaza, akutuluka thukuta,
lachinayi anavala chuku, ubweya wotuwa ngati khoswe.
Ndinakataya kudzala usiku
kuti a Chimkwita asaone.

Tinayambiranso.
Dzuwa la kuchigwa likafuna ntchito silinyengerera.
Masana kutembenuza, madzulo kulowetsa mame asanagwe,
mmawa kutulutsa tambala atatopa.
Kachidutswa kamene kanali kadzadza chikhatho
kanafota, kanakwinyika, kanasanduka lamba.
Ndinakapinda: sikanathyoke, sikanalire madzi,
sikanamate chala.
Ndowa yathunthu inalowa m'mabotolo awiri.
Sigele anafunsa, "Ena aja apita kuti?"
Ndinati dzuwa latapa msonkho wake.

Sanandifunse chifukwa chake, mwanayu.
Anali wamng'ono chaka chijachi
amayi ake, Nandau, atagona m'chipatala pa Ntcheu,
mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zitsulo za bedi.
Phala anakana, tiyi anakana.
"Bambo a Sigele, bango limodzi lokha."
Ndinazungulira msika wonse wa paboma,
ndinakwera mpaka pa mphambano ya ku Tsangano:
kabichi, mbatatesi, karoti, anyezi milumilu.
Amayi ogulitsa anandiseka, "Mango mu Juni, achimwene?"
Ndinabwera ndi manachesi atatu m'thumba la jekete.
Anamwetulira, ananunkhiza limodzi,
analiika pambali pa pilo.
Linali pomwepo mmawa pamene tinkapinda zofunda.

Mtengowu anadzala yekha, chaka chimene tinamanga.

Tsopano mabotolo ali khumi ndi limodzi,
otsukidwa ndi madzi owira, ouma, otseka zolimba,
ali mumdima, m'kabati imene ndinakhoma ndekha.
Khumi ndi a Febuluwale, a Sigele popita kusukulu,
a alendo, ngakhale a Chimkwita akadzasiya mwano.
Linalo ndalemba ndi pensulo papepala: Juni.
Lili kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa misomali.
M'mudzi muno wina adzadwala nyengo yozizira,
adzakana phala, adzakana tiyi,
adzatchula chinthu chopanda nyengo.
Adzabwere adzagogode.
Ndimagona mochedwa.